Malo a Sajeni Pagoli

Ndiyamba ndi kutchula amene analipo tsiku limenelo, kuti wina asadzanene kuti mdala Hara wawonjezera kapena wachotsera. Analipo NyaZgambo, mkazi wanga. Analipo Wongani, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo, atangofika kumene kuchokera ku Joni. Analipo NyaShaba, mkazi wa Wonganiyo, mkamwana wanga monga timanenera kwathu. Analipo a Ziba, mnzanga wa pachipanda, amene tinakulira limodzi kubusa. Analipo a Phiri, mphunzitsi wochokera ku Dedza, mkulu wa mpingo wathu ku Engutwini. Ndiye panali ine, Yotamu Hara. Panalinso ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, Sajeni ndi Kopolo. Pofika masana inatsala imodzi.

Chichewa changa ndinachitola m'minda ya fodya ku Kasungu, ndiye chikakhota mundipirire. Izi ndazilemba m'kope, pang'onopang'ono, chifukwa ndikamalankhula za pamtima ndimalumpha pamene pali manyazi. Mwandiitana kuno ku Boma sabata ino Khirisimasi isanafike. Pano pali apolisi, aphunzitsi, a kuchipatala, ndipo ena mwa inu mwayamba kale kuganiza kuti tsikulo mukamwera kuti. Musayang'ane pansi. Ine ndinali mkulu wanu pa zimenezo.

Mawu ndinali nawo, ndipo ndikadali nawo, mukumva nokha. Ku tchalitchi woyambitsa nyimbo ndinali ine zaka zambirimbiri. Ku ingoma wotsogolera ndinalinso ine. Inu a kumwera dziwani kuti ingoma yathu ilibe ng'oma. Ng'oma yake ndi phazi ndi kukhosi. Ndikakweza mawu kwathu, a kutsidya kwa dambo ankadziwa kuti Hara wadzuka. Mmawa ndinkaimbira Mulungu, masana ndinkaimbira chipanda, ndipo ndinkati onse awiri akundithokoza.

Wongani anapita ku Joni ali mnyamata. Zimene ankagwira kumeneko sanatiuze zonse, koma manja ake ankanena okha. Chinthu choyamba chachikulu chimene anagula sichinali galimoto ngati anzake. Anagula ng'ombe ziwiri zofulidwa, goli, pulawo ndi ngolo. Anati, "Amama alima ndi khasu kokwanira. Msana wawo upume." Anaziika m'khola mwanga, poti mwambo wathu ndi umenewo: mwana amaweta m'khola la bambo wake.

Chaka chimenecho Khirisimasi yanga inayamba masiku atatu tsiku lenileni lisanafike. Tinali pansi pa mtengo kwa a Ziba, masese akuyenda, kachasu akutsatira pambuyo. A Ziba anandiyang'ana n'kuseka.

"A Hara, mwana ali ku Joni zaka zonsezi, Khirisimasi ya nkhuku? Ine wanga amangogulitsa tomato pa Jenda, koma mbuzi ndagwetsa."

"Mbuzi ndi ndiwo za ana," ndinatero ine.

"Nanga za akulu zili kuti? Kapena kholalo mumangolondera, eni ake ali ku Joni?"

Anthu anaseka. Mawu amenewo ndinagona nawo, ndinadzuka nawo.

Mmawa wa Khirisimasi onse a pakhomo anavala kupita ku tchalitchi. Ndinati tsogolani, ndikupezani. Atangokhota, ndinaitana a Ziba ndi anyamata awo. Ndinaima pachipata cha khola n'kuitana, "Sajeni!" Inali ng'ombe yofatsa, yozolowera mawu anga. Sitinaithamangitse ayi. Inabwera yokha, n'kuika mphuno m'dzanja langa poyesa kuti ndatenga mchere. Nkhwangwa inali m'dzanja linalo.

Taganizani, abale. Tsiku limene Mwana wa Mulungu anagonekedwa modyera ng'ombe, ine ndinalowa m'khola ndi nkhwangwa.

Pamene ankabwera ku mapemphero, chikopa chinali chitakhomedwa kale pansi, nyama ili pamasamba, mudzi wonse uli pakhomo panga. A Phiri anabwera nawo poganiza kuti ndadwala, poti nyimbo tsiku limenelo anayambitsa wina. NyaZgambo atachiona chikopacho anangokhala pansi pomwepo, ndi zovala zake za ku tchalitchi. Wongani anapita kukhola, anaima nthawi, anabwerera.

"Adada, amama alimira chiyani?"

Ndinayankha mokweza kuti onse amve. "Khola ili ndi la ndani? Chilichonse cholowa pachipata icho ndi changa. Udzandifunse mafunso ukadzamanga lako."

Anthu anaombera m'manja, nyama ili m'kamwa. Wongani sanadye. Anakatenga goli, n'kulitsamiritsa pakhomo pa nyumba yanga. Patapita masiku awiri anakwera basi. "Adada" ameneyo anali womaliza kwa zaka zisanu ndi zitatu.

Kutsika kwanga kunali kofulumira. Akulu a mpingo anandiitana, ndinawauza kuti tione amene adzakuyambitsireni nyimbo. Anandidula mumpingo. Chikopa cha Sajeni ndinapangitsa chishango, ndipo ndinkavina nacho monyada, ndikuuza anthu kuti ichi ndi cha ng'ombe ya ku Joni. Mbuzi zinathera m'botolo. Njinga inathera momwemo. Malata amene Wongani anatumiza kuti tifolere khitchini ndinawanyamula pamutu limodzilimodzi. Khirisimasi yanga inkayamba mvula ikangogwa, n'kutha chimanga chitamasula.

Kopolo anatsala yekha. Inu a m'tauni mwina simudziwa: ng'ombe imodzi pagoli si theka la ntchito, ndi kupanda ntchito. Pulawo inachita dzimbiri. Ngolo inakhala pansi pa mtengo, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndinafuna kumugulitsanso Kopoloyo, koma NyaZgambo anagona pachipata cha khola, ndipo ndinachita manyazi ndi anthu odutsa. Wongani ankabwera miyezi ya chisanu, kulonjera amake, kugona m'nyumba yake. Akafuna kundiuza kanthu ankatuma mkazi wake. NyaShaba anagwada patali tsiku lina n'kunena kuti, "Akuti ng'ombe ina sagula, poti sakugulira nkhwangwa." Pa Khirisimasi sanabwerenso.

NyaZgambo anabwerera ku khasu. Sanali wolongolola. Kamodzi kokha anati, "A Hara, khasu layamba kundilemera." Ine ndinati, "Nanga amako analimira chiyani?" Ndalemba momwe ndinanenera.

Tsopano ndifike pa Khirisimasi yachitatu. Pano ndiyenda pang'onopang'ono.

Sabata yonseyo NyaZgambo anali akupalira, kufuna kuti tsiku la Ambuye limupeze munda uli woyera. Mmawa wa tsikulo kunagwa mvula, kenako kunangotsala kuwaza. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, nditamwa kale, nditavala zikopa zanga ndi nthenga kumutu, chishango kumanzere, chibonga kumanja. Anthu onse anali atapita, ena ku tchalitchi, ena kubwalo la ingoma. Ndiye ndinamva dzanja likundigwira pamkono.

Kwathu mkamwana sakhudza apongozi ake aamuna. Salankhula nawo ataimirira. NyaShaba anali asanandiyandikirepo kuposa masitepe asanu chikwatiwire. Tsiku limenelo anandikoka ngati akukoka mbuzi.

"Agogo, amama agwa."

Ndinawapeza pakhomo, atavala bulauzi yawo yoyera, nsapato imodzi ili kuphazi, ina ili m'dzanja. Pakamwa panali patakhotera mbali imodzi. Diso limodzi linkandiyang'ana. Ndinawaitana ndi mawu anga onse aja, koma sanayankhe.

Galimoto silifika kwathu nthawi ya mvula. Ambulansi yathu ndi ngolo, mpaka pamsewu waukulu. Ngolo ya a Ziba inali itapita ndi migolo ya mowa kubwalo. Ng'ombe za ena zinali kutali kudambo. Panali ngolo yathu, goli lija likadatsamira pamene Wongani analisiya, ndi Kopolo.

Tinachotsa mazira, tinayala mphasa, tinawanyamula. NyaShaba anandilanda chishango n'kuwaphimba nacho kumaso kuti mvula isawagwere. Ndi ntchito yokhayo yabwino imene chishangocho chinagwira. Tinamanga Kopolo mbali yake ya kumanja. Mbali ya kumanzere inangolendewera, mutu wa goli ukugunda pansi. Kopolo akakoka, ngolo inkangozungulira.

NyaShaba anayang'ana mbali yopanda ng'ombeyo, kenako anayang'ana ine.

Ndinavula nthenga. Ndinawerama, ndinalowetsa khosi pakati pa timitengo tija, pamene pankalowa khosi la Sajeni. Mtengo unali wosalala pamenepo, poti iye anausalaza ndi thukuta lake.

Simungadziwe kulemera kwa goli musanalisenze. Ng'ombe ndi yaifupi kuposa munthu, ndiye uyenera kuyenda chowerama, maso ali m'matope. Ng'ombe ndi yamphamvu kuposa munthu, ndiye ikakoka goli limapotoka n'kukukanda m'khosi. NyaShaba anali patsogolo ndi chingwe. Tisanafike n'kudambo komwe ndinasanza zonse za mmawa, ndikuyenda, poti kuima kunalibe. Ndinagwa kawiri. Kachiwiriko Kopolo anaima yekha kundidikira, mpweya wake wotentha ukundiwomba m'khutu. Ng'ombe imene ndinaiphera mnzake inandidikira.

Kumbuyo ndinkamva go, go, go. Linali dzanja la NyaZgambo, lamoyolo, likugogoda thabwa la ngolo. Likangosiya, mtima wanga unkaima. Likayambanso, ndinkakoka.

Njira yathu imadutsa pa tchalitchi. Anali akuimba nyimbo ya kubadwa kwa Ambuye, yomwe ndinkayambitsa ine chaka ndi chaka. Ndinali ndikuganiza kuti popanda Hara nyimbo zinafa. Abale, ankaimba bwino. Mulungu sanasowe mawu anga n'tsiku limodzi lomwe. Amene anasowa kanthu kwa ine anali atagona m'ngolo.

Pamenepo ndi pamene ndinapemphera, koyamba m'zaka zitatu. Silinali pemphero la mkulu woyambitsa nyimbo. Mpweya unalibe malo. Ndinkangoti, "Yesu, asafe. Yesu, asafe," phazi lililonse liwu limodzi. Ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalankhula ndi Mulungu motsitsa, moti ngakhale Kopolo sanamve.

A Phiri anationa pawindo. Anatuluka mapemphero ali mkati, anavula jekete, anayamba kukankha kumbuyo. Amayi ena anatsatira.

Kenako tinafika pabwalo la ingoma, poti njira ndi imodzi. Amuna anali pamzere, zishango m'mwamba, akudikira ine. Anaona ngolo, anaona ng'ombe imodzi, anaona mdala wa zikopa ali m'goli, magazi akutsika m'khosi. Mapazi anasiya limodzilimodzi mpaka bwalo lonse linati zii. Onse amene anadya Sajeni analipo. A Ziba anabwera chothamanga.

"A Hara, tulukani, tilowepo ife anyamata. Kapena tikamasule zanga."

Ng'ombe zawo zinali kutsidya kwa bwalo, zitamasulidwa, ndipo msewu unali ukuoneka kale. Ndinati, "Kankhani kumbuyo. Malo ano ndi anga."

Sindikunena izi modzitama. Kunyada kunalipo ndithu, sindikana. Koma ndinadziwanso kuti ndikatuluka m'golimo ndibwerera kubwalo, wina andipatsa chipanda choziziritsa mtima, mbwenu zatha.

Pamsewu tinapeza galimoto ya katundu, inatitengera kuno ku Boma. NyaZgambo sanafe. Koma mbali ya kumanja inafa, ndipo mawu anabwerera ochepa. A dokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Ine ndikudziwa chimene chinawathamangitsa. Wongani anafika patapita sabata. Anandipeza pakhonde la chipatala, khosi lili ndi nsanza. Anandidutsa ngati akudutsa chipilala.

Tsono mumve mmene ndinabwererera, poti ena mwabwerera zimenezi. Sipanachitike chozizwitsa. Masiku oyamba manja ankanjenjemera moti kapu ya madzi ndinkaigwira ndi manja awiri. A Phiri ankakhala nane pakhondepo. Ndinati ndilumbira kuti sindidzamwanso mpaka imfa. Anati, "A Hara, inu mumakonda mawu aakulu. Mulungu muuzeni za lero lokha. Mawa mudzamuuzenso."

Titabwerera kumudzi ndinaima pamaso pa mpingo wonse n'kunena zimene ndakuuzanizi. Anandibwezera m'kalasi ya oyamba chikhristu, kukhala pabenchi limodzi ndi a msinkhu wa zidzukulu zanga. Ndinakhala. Ndinatenga khasu la NyaZgambo, lomwe lija ndinati amake analimira. Ndi lolemeradi. NyaShaba anandiphunzitsa kutembenuza wodwala kuti asachite zilonda, kumusambitsa, kumumwetsa phala pang'onopang'ono kumbali yamoyo ya pakamwa. Amuna anzanga ankati Hara wasanduka namwino. Ndinkawayankha kuti inde, ndipo sukulu yake ndalipira yodula.

Ndinagwanso kamodzi, ndisakunamizeni. Chaka chotsatira, tsiku la Nyuwere, ndinati ndikangoonerera ingoma, osavina. Ndinabwera ndikukwawa. NyaZgambo anandinunkhiza n'kutembenukira kukhoma, phala anakana kulandira m'dzanja langa masiku awiri. Ndinaphunzira kuti kwa munthu ngati ine kulibe kungoonerera. Tsiku lachitatu ndinatenga chishango chija, ndinachiviika m'madzi, ndinachilezaleza zingwe. Zingwe zimenezo ndi zomwe zili pagoli lero.

Ng'ombe ndinaipeza momwe amaipezera ana. Kumudzi woyandikana nafe kuli munthu wa ng'ombe zambiri amene anasowa wobusa. Ndinamubusira zaka ziwiri, ine wa imvi, kuti andipatse thole. Mmawa ndisambitse mkazi, ndipite kudambo, madzulo ndibwere. Tholelo litafika pakhomo ndinalikokera pafupi ndi mphasa kuti NyaZgambo alione. Analigwira pamphumi n'kunena limodzi mwa mawu ochepa amene anawatsalira: "Yewo." Ndiko kuti zikomo m'chilankhulo chathu. Dzina lake linakhala lomwelo. Kopolo wakalamba, koma waiphunzitsa bwino.

Khirisimasi yanga tsopano imayenda chonchi. Disembala akangolowa, njira ya kumsika ndimaisiya, mchere ndi sopo amakagula NyaShaba. Mmawa wa tsikulo ndimayamba ndi kugwada m'khola, mundowe momwemo, poti Mwanayo anabadwira m'malo otere, ndipo ine ndi momwe ndinachimwira. Kenako ndimamanga ngolo. Ndimanyamula NyaZgambo, ndi aliyense wa m'njira amene miyendo inamukana. Ku tchalitchi ndimakhala kumbuyo pafupi ndi khomo. Nyimbo sanandibwezere, ndipo sindinapemphe. Ndimalandira ikayambitsidwa, ngakhale nthawi zina ndimaona kuti aiyamba pamwamba kwambiri.

Tikaweruka ng'ombe sindizipititsa kudambo. Zimakhala pansi pa mtengo pakhomo, udzu ndi madzi zili pomwepo, goli lili pambali, mpaka dzuwa kulowa. Mudzi wonse ukudziwa kuti pa Khirisimasi ndi pa Nyuwere pali ngolo imodzi imene mwini wake sanaledzere. Yanyamulapo mayi woyembekezera. Yanyamulapo munthu wochekedwa ndi botolo. Inanyamulanso a Ziba, koma iwowo sikunali kupita kuchipatala. Anawapeza m'ngalande mmawa wa Nyuwere, mvula itawagwera. Ndinawatengera kumanda ndi ng'ombe zomwezi.

Inu mulibe ngolo, koma muli ndi kena kake. Wina njinga yamoto, wina foni, wina manja chabe. Tsiku limenelo pamudzi panu kapena pamzere wa nyumba zanu pakhale munthu mmodzi wamaso. Khalani inuyo. Ndipo musanagwetse kanthu kuti anzanu akuombereni m'manja, funsani kuti Januwale akafika adzalipira ndi msana wake ndani.

Musaganize kuti zonse zinakonzeka. NyaZgambo sadzayendanso. Ambuye anandikhululukira, ndikukhulupirira chomene, koma mwendo umenewo sanaubweze, ndipo ndimauona mmawa uliwonse.

Khirisimasi yathayi Wongani anabwera. Anafika dzana lake, analonjera amake, kwa ine kunalibe mawu. Mmawa wa tsikulo ndikugwada m'khola ndinamva kuti wina waima kunja kwa mpanda. Sindinatembenuke. Popita ku tchalitchi sanakwere ngolo, anayenda kumbuyo njira yonse, manja m'thumba. Tinadutsa padambo pamene ndinagwa, tinafika. Amake anawatsitsa yekha, anawanyamula m'manja mpaka pabenchi.

Titaweruka ndinapita pansi pa mtengo kukamanganso ng'ombe. Ndinamuona Wongani akubwera. Anaima mbali inayo ya goli. Anagwira chingwe, anachitembenuza, anaona ubweya wakuda ndi woyera umene unatsalira m'mphepete. Anachidziwa. Anayang'ana Yewo, anayang'ana chipsera cha m'khosi mwanga, chomwe kolala ya shati siibisa. 

Ndiye anati, "Adada, za amama sindinaiwale, ndipo sindikudziwa ngati ndidzaiwala. Koma chingwe ichi mwamanga molimba, muipweteka khosi. Masulani pang'ono. Inu gwirani Kopolo, wamng'onoyu ndigwira ine."